Njerwa zimene anaumba agogo anga

Mlamu wanga, amene amagula soya ndi mtedza pa Nsaru, ndiye anandibweretsera nkhaniyi, ndipo anainena akuseka ngati ndi macheza a pa bawo. Ati, "Alamu, nyumba yanu ija ikupitatu. Mwiniwake wagulitsa malata kwa munthu wina wa m'tauni, zitseko za mbawa zapeza kale wozinyamula, njerwa akuti aziwerenga mvula ikangokata." Ndinafunsa kuti nanga mafumu akutipo chiyani. Iye anati, "Atipo chiyani? Ya atsamunda imeneyo. Igwe basi."

Akamati "nyumba yanu" amakhala akundiseka. Nyumbayo si yanga, ndipo kwa zaka zambiri za moyo wanga sindinkaloledwa ngakhale kuponda pa masitepe a khonde lake. Ili pa esiteti ina pakati pa Nsaru ndi Kabudula, dzina lake ndalisunga dala. Ndi nyumba yaitali ya njerwa zootcha, khonde lozungulira mbali zitatu, machumuni awiri, ndi mzere wa jakaranda kuchokera kumsewu mpaka pakhomo. Amene anaimanga anali Mngelezi wolima fodya, munthu amene kwawo mwina sakanakhala ndi nyumba yotero, koma kuno anafuna kudzuka m'mawa n'kumadzimva ngati ali ku Mangalande, pa nyumba ya m'munda ya anthu olemera. Anadzala kapinga pamene ife tikanadzala mbatata. Anaika belu loitanira khukhi. Khitchini anaimanga payokha kuseri, kuti utsi ndi anthu ophikawo zisamayandikire alendo.

Ine ndikuti nyumba imeneyi isagwe. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kugwedeza mutu, mukuti mphunzitsi wopuma uyu wayamba kulira atsamunda. Khalani kaye pansi, abale anga, ndikuuzeni mwini njerwazo.

Mu 1920 azungu awiri, A.F. Barron ndi R.W. Wallace, anabwera m'boma la Lilongwe kudzatsegula minda ya fodya. Dzina la Barron linamera mizu ku Mbabzi. Nzeru yawo inali yosavuta: m'malo moti mzungu alime yekha ndi antchito, ankapereka mbewu kwa anthu akumudzi, kuwaphunzitsa kafutsidwe ka fodya wa chikopa, kenaka n'kudzagula masambawo pa mtengo umene iye wakonda. Fodya anafala ngati moto wa m'chilimwe. Azungu ena anatsatira, ena odzagula chabe, ena odzatenga malo a lizi, ndipo mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board loti lizilemba alimi m'kaundula, kuwayendera m'minda ndi kulamula misika. Bungwe limenelo linasintha maina kangapo mpaka mu 1971 linadzakhala ADMARC. Amene mumadya ndalama za fodya m'tauni muno dziwani kuti chiyambi chake, kuno kuchigawo chapakati, chili m'madambo ndi m'minda ya kumadzulo kwa Lilongwe, kumene mumangodutsa pa galimoto popita ku Mchinji.

Mzungu wa kwathuyu anali wamng'ono pomuyerekeza ndi Barron, koma njira inali yomweyo, kungoti iye anasonkhanitsa anthu pa malo ake n'kuwatcha matenanti. Mtenanti ankapatsidwa chigawo cha munda, khasu, mbewu, ndi chimanga cha phoso mwezi ndi mwezi, zonsezo pa ngongole. Fodya akauma sankaloledwa kukagulitsa kwina. Bwana yemweyo ndiye wosankha magiredi, bwana yemweyo ndiye mwini sikelo, kalaliki wa bwana yemweyo ndiye wochotsera ngongole. Zotsala ndiye zako, ngati zatsala. Agogo anga aamuna anayamba ngati woumba njerwa pamene nyumbayo inkamangidwa, anakhala mtenanti zaka zingapo, mapeto ake analowa ukhukhi. Ankandiuza kuti dothi ankaliponda kudambo, akazi akutunga madzi, ana akunyamula zikombole, ndipo uvuni unadya mitengo ya misuku ndi mitondo yosawerengeka. Mbawa za zitsekozo anacheka ndi anthu a m'mudzi mwathu, wina ali pamwamba, wina ali m'dzenje, utuchi ukumugwera m'maso.

Tsono mundiuze, alamu, chimene mukuti n'cha atsamunda n'chiti? Mzungu anabwera ndi pulani ndi chikwapu cha kapitawo. Thukuta lonse limene lili m'makoma amenewo ndi la ku Nsaru. Mukagwetsa, mzunguyo simumupweteka. Anafa kalekale ndipo adzukulu ake sadziwa n'komwe kuti Kabudula ali mbali iti. Mukufafaniza umboni wokhawo umene watsala woti agogo athu anagwira ntchito pamenepo.

Ndipo tisanamizane kuti ubwana unatha mu 1964. Mbendera inasintha, belu la khukhi silinasinthe. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti ambiri a chigawo chino anagwera m'manja mwa Press Farming, General Farming, nduna ndi akuluakulu a chipani, pamene mlimi wamba lamulo linkamuletsa kulima fodya wa bale pamunda wa makolo ake, chiletso chimene chinayamba kumasuka mu 1990. Wofuna kulima bale ankayenera kukakhala mtenanti kwa wina. Nyumba ya kwathuyi inatengedwa ndi mkulu wina wa chipani. Ndikukumbuka tsiku limene ndinatumidwa kukapereka kalata, ndili mnyamata wa sekondale, nditavala yunifolomu yochapa bwino. Ndinalunjika pa khonde poganiza kuti tsopano m'nyumbamo muli munthu wakuda mnzanga. Mlonda anandigwira mkono. "Iwe, anthu ngati iwe amadzera kuseri." Ndinadzera kuseri, pa khomo lomwe lija ankadzera agogo. Kusiyana kwake kunali koti amene anandilandira kalatayo anandilankhula m'Chichewa.

Nchifukwa chake ndimaseka anthu akamati nyumba zimenezi zimatikumbutsa za azungu. Ena safuna kuti ziime chifukwa zimakumbutsa za iwo eni ndi makolo awo. Utenanti, paja, boma linadzauthetsa m'malamulo mu 2021, zaka 57 chilandilire ufulu. Zaka zonsezo amene ankasunga matenanti sanali Angelezi.

Pambuyo pa 1994 mkuluyo mphamvu zinamuthera, fodya anayamba kuvuta, esiteti inagulitsidwa, n'kugulitsidwanso. Nyumba inakhala mosungira feteleza. Kenaka mpingo wina unkapempherera m'chipinda chochezera, guwa ataliika kutsogolo kwa chumuni. Chaka china munagona aphunzitsi awiri amene analibe nyumba. Pamene ndinapitako komaliza ndinapeza mbuzi pa khonde, mileme kudenga, ndi mlonda wokalamba amene salandira malipiro koma amalima kuseri kwa khitchini. Anandilandira bwino. "Lowani bambo, muone. Kulibenso wokuletsani."

M'kachipinda kena, kamene kanali ofesi, ndinapeza chinthu chimene chandilembetsa nkhaniyi. Munali mabuku a ngongole za matenanti, akuluakulu, a zikuto zolimba, ataunjikidwa pansi. Chiswe chinali chitadya theka. Ena mlondayo ankang'amba masamba n'kumayatsira moto, ena n'kumapichirira fodya. Sindinamudzudzule, iye sadziwa kuwerenga ndipo palibe anamuuza kuti ndi kanthu. Ndinakhala pansi n'kuyamba kutsegula. Dzina la munthu, mudzi wake, mfumu yake. Khasu limodzi. Mchere. Chimanga matini awiri. Nsalu. Mankhwala a mwana. Kumapeto kwa chaka, kulemera kwa fodya, giredi, mtengo, ndi mzere wofiira pansi pa amene anatsala ndi ngongole. Mizere yofiira inali yambiri. Ndinafunafuna dzina la agogo anga mpaka dzuwa linapendeka. Sindinalipeze, masamba a zaka zimenezo anali atapita kale kumoto. Koma ndinapeza maina a anthu amene adzukulu awo ndinawaphunzitsa ine m'kalasi, ndipo adzukuluwo sadziwa kuti agogo awo analipira ndalama zingati pa khasu.

Tsopano ndikutengeni pang'ono kupita kumene nzeru yomanga nyumba zotere inachokera, chifukwa nako ndinakafikako. Mwana wanga wamkazi ndi namwino ku Nottingham, ndipo nditapita kukamuona anandiperekeza ku nyumba ina yotchedwa Newstead Abbey, kunja kwa mzindawo. Mbiri yake ndi yosinthasintha kuposa ya kwathu. Inayamba cha m'ma 1170 ngati nyumba ya ansembe. Mfumu Henry VIII atalanda nyumba za ansembe, mu 1540 inapita kwa banja la a Byron, ndipo mlakatuli Lord Byron, atamira m'ngongole, anaigulitsa mu 1818 kwa Thomas Wildman. Wildman anaikonza ndi chuma chochokera ku minda ya nzimbe ya ku Jamaica, kumene ankalima anali akapolo. Kenaka inagulidwa ndi William Webb, mlenje amene anadziwana ndi David Livingstone ku Africa kuno. Kuyambira mu 1864 mpaka 1865 Livingstone anakhala m'nyumba imeneyo akulemba buku la ulendo wake wa pa Zambezi, pa Shire ndi pa nyanja yathu. Dziko lathu lino, anthu ambiri a ku Mangalande analimva koyamba kudzera m'masamba olembedwa m'chipinda cha nyumba imeneyo. Ndipo mu 1874 Susi ndi Chuma, amene ananyamula mtembo wa Livingstone kuchokera kwa Chitambo mpaka kugombe la Bagamoyo, anafika pa Newstead ndipo anajambulidwa pomwepo. Chuma ameneyo anali Myao, womasulidwa m'manja mwa ogula akapolo mu 1861 kuno kwathu. Mu 1931 munthu wina wachuma, Sir Julien Cahn, anapereka nyumbayo kwa mzinda wa Nottingham, ndipo kuyambira pamenepo ndi ya anthu onse. Ana asukulu amabwera pa basi. Ena amachitirako ukwati. Ine, mdzukulu wa khukhi, ndinalipira pa geti n'kulowera khomo lakumaso.

Musaganize kuti Angelezi ndi oyera pa nkhaniyi. Nkhondo ziwiri, misonkho ya chuma cha masiye ndi kusowa kwa antchito zitawapanikiza, anagwetsa nyumba zotere zoposa 1,000 m'zaka za m'ma 1900. Koma zambiri anazipezera ntchito ina: Stowe inasanduka sukulu mu 1923, Bletchley Park inakhala malo omasulira mauthenga achinsinsi a adani pa nkhondo yachiwiri, zina zipatala, zina makoleji. Ndipo pa zimene anasungazo, kwa nthawi yaitali ankangoonetsa mipando ndi zithunzi za mabwana. Pa Newstead pali chipilala chachikulu cha galu wa Lord Byron, Boatswain, amene anafa mu 1808. Galu ali ndi dzina pamwala. Akapolo a ku Jamaica amene analipira denga ndi mazenera panalibe wowatchula, mpaka anthu akuda a ku Nottingham anachita kulimbikira m'zaka zaposachedwapa kuti nkhani yawo inenedwe. Mu 2020 bungwe la National Trust, limene limasamala nyumba zambiri zotere, linatulutsa lipoti lotchula malo ake 93 okhudzana ndi ukapolo ndi utsamunda, ndipo kunabuka phokoso la dzaoneni m'manyuzipepala ndi m'nyumba ya malamulo. Koma taonani: anatha kukangana chifukwa nyumbazo zilipo. Pa bwinja la udzu sipakhala mkangano. Munthu amangoti kuno kunalibe kanthu, n'kumapita.

Nanga ife? Si kuti sitidziwa kugwiritsanso ntchito nyumba yakale. Mandala House ku Blantyre, ya 1882, yakhala ikusunga zojambula ndi laibulale ya Society of Malawi. Nyumba ya Masongola ku Zomba, ya 1886, imene munkakhala woimira boma la Britain, inasanduka hotela. Huntingdon House pa esiteti ya tiyi ya Satemwa ku Thyolo ndi malo ogona alendo. Kwa anzathu ku Zambia, chinyumba cha Shiwa Ng'andu chimene anamanga Stewart Gore-Browne, amene anamwalira mu 1967, chinatsala pang'ono kugwa koma anachidzutsa ndipo anthu amapita kukachiona. Ngakhale chinyumba cha zipinda pafupifupi 300 chimene anamangitsa Kamuzu ku Lilongwe, a Bakili Muluzi atakana kukhalamo mu 1994, chinakhala nyumba ya malamulo, mpaka a Bingu wa Mutharika anati mu 2004 nyumbayo ndi ya pulezidenti. Aphungu anadzapeza yawoyawo mu 2010. Tikafuna, timatha.

Koma apa ndiye pali mdani wanga wachiwiri, ndipo ameneyu ndimamuopa kuposa mlamu wanga. Ndi uja wovala bwino amene akaona nyumba yotere maso amangoti gwa, n'kuyamba kuwerenga mabedi. Akuti tiipake laimu, tidzalenso kapinga, tiveke anyamata malaya oyera, alendo azidzamwa tiyi pa khonde dzuwa likamalowa, azimva kukoma kwa masiku akale. Masiku akale a yani? Sindikutsutsa kuti mahotela amalemba anthu ntchito. Koma ngati mdzukulu wa woumba njerwa adzalowemo pokhapokha atanyamula thireyi, ndiye kuti tangobweza belu lija pamalo pake. Wogwetsa amafafaniza mbiri, wopaka laimuyu amainamiza, ndipo bodza limakhalitsa kuposa bwinja.

Chimene ndikupempha ndi chaching'ono, mwina nchifukwa chake palibe akuchimva. Pafupi ndi esitetiyo pali sukulu ya sekondale yoyendera, imene ana ake amawerengera pansi pa mtengo chifukwa alibe laibulale. Chipinda chochezera chija chingakwane ana makumi anayi ndi mashelefu. Zipinda zogona zingakhale za aphunzitsi, monga zinakhalirapo kale popanda wolamula. Khitchini ya kuseri ndi ofesi ya kalaliki zisakhudzidwe: mukhale sikelo, jeke yodindira mabelo, mikangala, chikombole, ndi mabuku a ngongole amene atsala, otsegula, kuti mwana aliyense adzafufuze dzina la kwawo. Nkhalamba zimene zinakhalapo matenanti zikadalipo zingapo ku Nambuma, ku Mpingu, ku Namitete. Foni iliyonse lero imajambula mawu. Dziko limene lakhala likudya fodya zaka zoposa 100, limene likuuzidwa tsiku ndi tsiku kuti lisiye fodya, lilibe ngakhale chipinda chimodzi m'dera lino chofotokoza mmene fodyayo analowera ndi amene anamusenza. Mwana wa ku Kabudula amaloweza mitsinje ya ku Canada ndi nkhondo za ku Ulaya, koma chigafa chimene chinaphunzitsa atate ake sachipeza m'buku lililonse.

Mudzati ndalama zili kuti. Funso labwino, ndipo sindinama kuti denga lodontha limakonzedwa ndi mawu. Koma dera lino laonapo ndalama. Mu 1968 inayamba Lilongwe Land Development Programme ndi ngongole ya World Bank: misewu, mijigo, misika, nyumba za alangizi, ndi ndunda zija zimene mpaka lero zimayambanitsa mabanja. Pitani mukaone zina mwa nyumba za pulojekitiyo mmene zilili. Matenda athu osiya chinthu chiwole sasankha kuti anamanga ndi mzungu kapena boma lathu. Yerekezani ndi a mishoni: chipatala cha St Gabriel ku Namitete, cha 1959, chikugwirabe ntchito, tchalitchi cha Nambuma chili chiimire, chifukwa pali wina amene amakwera padenga chaka ndi chaka kukhoma msomali umene wazuka. Chimene chimasunga nyumba ndi kukhala ndi mwini wogonamo mtima. Ndipo kumanga laibulale yatsopano kungadye ndalama zambiri kuposa kugula nyumbayi kwa mwiniwake, amene pakali pano akuiona ngati mulu wa njerwa ndi malata a dzimbiri.

Lamulo nalo lilipo. Monuments and Relics Act ya 1990 imalola boma kuteteza nyumba kapena malo a mbiri ngakhale ali m'manja mwa munthu. Koma tikamva za zinthu zakale timangoganiza za zojambula za m'mapanga a Chongoni ndi matchalitchi a amishoni. Zimenezo n'zofunika, sindikukana. Koma kodi mbiri ya munthu wosauka, amene sanalembe buku, sanamange tchalitchi, sanakhale mfumu, idzasungidwa pati? Iye anasiya chala chake m'njerwa ndi dzina lake m'buku la ngongole. Si zambiri. Ndi zomwezo.

Inu a m'tauni amene mukuwerenga nyuzipepala ino pa khonde lanu ku Area 47 kapena ku Namiwawa, ambiri a inu sukulu munalipiriridwa ndi belo la fodya. Ena makolo anu anali matenanti, ena makolo anu anali osunga matenanti, ndipo lero mumakhala pa tebulo limodzi mu ofesi osafunsana. Sindikuti muyambe kulozana zala. Ndikuti kwanu kuli nyumba ngati imeneyi, kaya ku Kasungu, kaya ku Mchinji, kaya ku Dowa, ndipo mukadzapita ku maliro mwezi wamawa mukaime pamenepo, mukalowe mu ofesi ya kalaliki, mukaone ngati mapepala akadalipo. Mukawapeza musawasiye.

Ine ndinatengako mabuku atatu, mlonda atandilola, nditamusiyira machesi ndi manyuzipepala akale oyatsira moto. Ali m'sutikesi pansi pa bedi langa, ndipo mayi a kunyumba akudandaula kuti ndabweretsa chiswe. Ndalembera kalata mwini esitetiyo, sanayankhe. Ndalankhula ndi a komiti ya sukulu, theka akuti ndi nzeru, theka akuti mphunzitsi wakalamba. A gulupu avomera kuti nkhaniyi ikambidwe pabwalo Loweruka la mawa lino, ndipo mlamu wanga wati abwera kudzanditsutsa pamaso pa anthu. Ndamuuza kuti abwere msanga akhale kutsogolo. M'buku lachiwiri, tsamba la 61, muli dzina la agogo ake, ndi mzere wofiira pansi pake.